Kuchokera ku “Tangere” Kufika ku “Chokhudzika”: Mbiri ya Liwu ndi Ntchito Yake

Mwana aliyense amene anaphunzirapo galamala ya Chichewa anamva kuti mayina ena ndi a zinthu zokhudzika ndipo ena ndi a zinthu zosakhudzika. Mwala, khasu ndi mbuzi zimaikidwa mbali imodzi. Ulemu, nzeru ndi chisoni mbali inayo. Phunziroli limaoneka lapafupi kufikira pamene wophunzira wafunsa mbali imene mphepo, utsi ndi fungo ziyenera kukhala. Omasulira nawonso amakumana ndi vuto lofanana ndi lomweli akapeza liwu la Chingerezi loti “tangible” m'zikalata za malamulo, za chuma kapena za chikhalidwe. Ena amalemba “chokhudzika”, ena “chogwirika”, ena “chooneka ndi maso”, ndipo ena amangolisiya m'Chingerezi momwemo. Mbiri ya liwuli ikusonyeza kuti Chichewa sichisowa kubwereka, popeza chili ndi liwu loumbidwa mofanana ndi la Chilatini. Chofunika n'kudziwa malire a tanthauzo lake ndi malo amene liyenera kugwira ntchito.

Muzu wa Chilatini

“Tangible” linachokera ku mneni wa Chilatini woti “tangere”, amene tanthauzo lake ndi kukhudza. Mneniyu amasintha maonekedwe: “tango” ndiye kuti ndikukhudza, “tetigi” ndiye kuti ndinakhudza, ndipo “tactus” ndiye wokhudzidwa. Muzu weniweni ndi “tag”. Lembo la “n” limangolowa m'kati pa nthawi zina za mneni. N'chifukwa chake mawu a Chingerezi ochokera ku muzu umenewu ali m'magulu awiri. Ena ali ndi “n”, monga “tangible” ndi “tangent”, mzere umene umangokhudza mkombero pa malo amodzi osaudula. Dzina la mzerewu linafala kuchokera m'buku la masamu la Thomas Fincke la mu 1583. Ena alibe “n” wa mu muzu, monga “contact”, kukhudzana. “Intact”, chinthu chimene sichinakhudzidwe. “Contagion”, matenda opatsirana. Ndi “integer”, nambala yathunthu, imene Aroma akadaitcha yosakhudzidwa, ndiye kuti yosabenthulidwa.

Pa muzu umenewu Chilatini chinaphatikiza “-ibilis”, mphatikira wosonyeza kutheka. Monga “videre”, kuona, anabala “visibilis”, chotheka kuonedwa, ndipo “audire”, kumva, anabala “audibilis”, chotheka kumvedwa, momwemonso “tangere” anabala “tangibilis”, chotheka kukhudzidwa. Liwuli silinali lofala m'Chilatini cha m'masiku a Cicero, linamera mochedwa. Koma ganizo logawa zinthu potsata kukhudzika kwake linalipo kale, ndipo linakula m'manja mwa alembi atatu.

Mlakatuli, Wamalamulo ndi Mphunzitsi

Woyamba ndi Lucretius, mlakatuli amene anamwalira cha m'ma 55 Khristu asanabadwe. M'ndakatulo yake yaitali yofotokoza za chilengedwe anaphunzitsa kuti chinthu chokhala ndi thupi chokha ndicho chingakhudze kapena kukhudzidwa. Chochititsa chidwi ndi zitsanzo zimene anasankha. Iye sanayambe ndi miyala, koma ndi mphepo. Mphepo siioneka, komabe imagwetsa mitengo ndi kumiza zombo monga momwe mtsinje wosefukira umachitira. Choncho ili ndi thupi. Anatchulanso fungo, kutentha, kuzizira ndi mawu omveka m'makutu, nanena kuti zonsezi zili ndi thupi chifukwa zimafika pa munthu ndi kumugunda. Kwa iye, kukhudza sikunali ntchito ya zala zokha.

Wachiwiri ndi Gaius, katswiri wa malamulo amene analemba buku lophunzitsira malamulo a Aroma cha m'ma 161. Iye anagawa katundu pawiri: wokhala ndi thupi ndi wopanda thupi. Wokhala ndi thupi ndi amene angathe kukhudzidwa, ndipo anatchula munda, chovala, golide ndi siliva. Pa mndandanda womwewo anaikapo kapolo, zimene zikuonetsa mmene lamulo la nthawi imeneyo linkamuonera munthu wogulidwa. Katundu wopanda thupi ndi amene sangakhudzidwe, monga cholowa, ufulu wodyerera munda wa mwini, ndi ngongole. Gaius anazindikira kuti m'cholowa mumakhala minda ndi ndalama zimene munthu angagwire, koma ufulu wolandira cholowacho ulibe thupi. Kagawidwe kameneka kanalowa m'buku la malamulo la mfumu Justinian la mu 533, ndipo kuchokera m'menemo kanafalikira m'malamulo a mayiko ambiri a ku Ulaya.

Wachitatu ndi Lactantius, mphunzitsi wachikhristu wochokera kumpoto kwa Africa, amene analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300. M'zolemba zake ndi mmene mumapezeka liwu lenileni loti “tangibilis”. Iye ankasiyanitsa thupi, limene limaoneka ndi kukhudzika ndipo limatha, ndi mzimu umene maso kapena dzanja siziupeza.

Motero liwuli lisanafike n'komwe m'zinenero za masiku ano linali litasenza kale akatundu atatu: la za chilengedwe, la za malamulo ndi la za chipembedzo. M'Chingerezi linalowa m'zaka za m'ma 1580, kudzera m'Chifalansa ndi m'Chilatini cha m'mabuku, ndipo mnzake wotsutsa, “intangible”, anatsatira m'zaka za m'ma 1630. Patapita nthawi linapeza tanthauzo lina lokuluwika: chinthu chenicheni, chotsimikizika, chimene munthu angachiloze. Ndi tanthauzo limeneli limene limamveka pamene anthu akufuna umboni kapena phindu looneka.

Mawu a Chingerezi amene galamala imagwiritsa ntchito pogawa mayina ndi ena, ndipo sachokera ku kukhudza. “Concrete” linachokera ku “concrescere”, kukulira pamodzi kapena kuundana, ndipo ndi liwu lomwelo limene amisiri omanga nyumba analisandutsa “konkire”. “Abstract” linachokera ku “abstrahere”, kukokera padera, monga pamene munthu wachotsa ubwino pa chinthu chabwino n'kuuganizira pawokha. Pomasulira mawu awiriwa, galamala ya Chichewa siinatsate kuundana kapena kukoka. Inasankha kukhudza, ndipo potero inagwirizana ndi kagawidwe ka Gaius.

Chilatini pa Malire a Mwanza

Mawu a Chilatini anafika m'Chichewa kudzera njira zitatu. Yoyamba ndi ya Chipwitikizi, chinenero chobadwa ku Chilatini, chimene chakhala chikumveka m'mbali mwa Zambezi kuchokera pamene Apwitikizi anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Liwu loti “kalata” linachokera ku “carta”, limene ndi “charta” wa Chilatini, ndipo “fodya” linachokera ku “folha”, tsamba, limene gwero lake ndi “folia”. Yachiwiri ndi ya mpingo wa Katolika: ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, Azungu Oyera a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902, ndipo Misa inkachitika m'Chilatini kufikira pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa zaka za 1962 mpaka 1965. Yachitatu ndi ya Chingerezi cha m'sukulu ndi m'maofesi. Pa njira zonsezi palibe imene inasiya “tangere” m'kamwa mwa olankhula Chichewa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: anthu amabwereka dzina la chinthu chachilendo, monga pepala lolembedwa, koma kukhudza sikunali kwachilendo kwa munthu aliyense.

Dera la Mfumu Nthache m'boma la Mwanza ndi malo abwino oonera zimenezi, chifukwa lili m'malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre umadutsa m'boma limeneli popita ku Zóbuè, ndipo m'zaka za 2015 ndi 2016 mudzi wa Kapise unalandira anthu othawa nkhondo ochokera kutsidya, ambiri a iwo olankhula chinenero chomwecho ndi eni mudzi. Ana a mbali ziwirizi amamvana kunyumba, koma kusukulu amasiyana. Wa ku Zóbuè amaphunzira m'Chipwitikizi kuti dzina ndi “concreto” kapena “abstrato”; wa kwa Nthache amaphunzira kuti ndi la chinthu chokhudzika kapena chosakhudzika. Woyambayo ayenera kuloweza liwu limene tanthauzo lake la kuundana linabisika kalekale. Wachiwiriyo amamva tanthauzo m'liwu lenilenilo. Apa ndi pamene pali mphamvu ya liwu loumbidwa m'chinenero cha mwana, ndipo ndi pomwenso pali msampha wake, popeza mwanayo amalimva monga momwe lilili: chimene chala chingakhudze.

Boma la Mwanza limadziwika m'dziko lonse ndi manachesi, ndipo chipatso chimenechi chili ndi phunziro kwa ofufuza magwero a mawu. M'Chingerezi chimatchedwa “tangerine” ndipo m'Chipwitikizi “tangerina”. Munthu wongoona malembo angaganize kuti dzinali ndi mbale wake wa “tangible” kapena wa “tangível” wa Chipwitikizi. Sizili choncho. Dzinali linachokera ku mzinda wa Tangier wa ku Morocco, doko limene zipatsozi zinkadzera popita ku Ulaya, ndipo Aroma ankautcha mzindawo Tingis. Dzina la Chichewa nalonso linayenda ulendo wake: “nachesi” likuchokera ku “naartjie” wa ku South Africa, dziko limene Amalawi ambiri anakagwirako ntchito m'migodi, ndipo liwu limenelo gwero lake ndi Chitamil cha ku India. “Lalanje” ndiye anadzera ku “laranja” wa Chipwitikizi. Kufanana kwa malembo si umboni wa chibale. Mphunzitsi amene angauze ana kuti “thangata” ndi mdzukulu wa “tangere” chifukwa choti mawuwo akumveka mofanana adzakhala atawasocheretsa. Chibale cha mawu chimatsimikizika ndi mbiri ya kuyenda kwake ndi tanthauzo lake.

Mmene Chichewa Chinaumbira Liwu Lake

Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 utasankha Chichewa kukhala chinenero cha fuko, phunziro la Chichewa linafika m'sukulu za m'zigawo zonse, ndipo mawu ophunzitsira galamala anafunika koposa kale. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Mu 1996 ntchitoyi inapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Mawu monga dzina, mneni, mfotokozi ndi mlowam'malo akuchitira umboni kuti olemba galamala anakonda kuumba mawu kuchokera m'Chichewa momwemo kusiyana ndi kubwereka. “Chokhudzika” ndi wa m'banja limeneli.

Kaumbidwe kake n'kofanana ndi ka “tangibilis” chiwalo ndi chiwalo. Muzu ndi -khudz-, umene ukuyankha “tang-”. Mphatikira ndi -ik-, amene akuyankha “-ibilis”. Mphatikira ameneyu amakhala -ik- ngati lembo la liwu la mu muzu ndi a, i kapena u, ndipo amakhala -ek- ngati ndi e kapena o. Aneni a phatikizo limodzi monga -dya ndi -mva nawonso amatenga -ek-. Choncho “visibilis” ndi chooneka, “audibilis” ndi chomveka, chakudya chotheka kudyedwa ndi chodyeka, ndipo munda wotheka kulimidwa ndi wolimika. Zinenero ziwirizi si zachibale, koma pa mfundo iyi zinayenda njira imodzi. Ngakhale tanthauzo lokuluwika n'lofanana: monga Mroma ankanena kuti nkhani yachisoni yamukhudza, momwemonso Mchewa amati imfa ya mnansi yamukhudza.

Komabe -ik- wa Chichewa ali ndi ntchito ina imene “-ibilis” alibe. Kuwonjezera pa kutheka, amasonyezanso mmene chinthu chakhalira popanda kutchula wochita: mbale yasweka, nsalu yang'ambika. N'chifukwa chake munthu amatha kunena kuti wakhudzika ndi nkhani ina, kutanthauza kuti mtima wake wagwidwa. Mlembi ayenera kuonetsetsa kuti chiganizo chake chikusonyeza tanthauzo limene akufuna. Ayeneranso kusiyanitsa -ik- ndi -idw-. Mabanja okhudzidwa ndi chilala ndi amene chilala chawagwera. Katundu wokhudzika ndi amene ali ndi thupi. Kusinthanitsa awiriwa m'chikalata cha boma kumasintha nkhani yonse.

Malo Atatu, Mawu Atatu

M'kalasi, funso la mphepo ndi fungo linayankhidwa kale ndi Lucretius. Chinthu chokhudzika, m'galamala, ndi chimene chimafika pa thupi la munthu kudzera m'maso, m'makutu, m'mphuno, pa lilime kapena pa khungu. Nachesi n'chokhudzika, fungo la khungu lake losendedwa n'lokhudzikanso, pakuti mphuno imalilandira, mphepo ya Chiperoni imene imawomba m'nyengo yozizira n'njokhudzika, pakuti khungu limaimva. Koma phindu limene mlimi akuyembekeza, chilungamo cha wogula ndi umphawi wa banja n'zosakhudzika, chifukwa zimadziwika ndi maganizo. Mphunzitsi amene wayamba ndi tanthauzo lotambasuka chotere sasowa chonena mwana akafunsa za mwezi, umene palibe mwana angaufikire ndi dzanja.

Mphunzitsi asamalenso ndi njira yachidule yonena kuti mayina oyamba ndi u- ndi a zinthu zosakhudzika. Ufulu, ulesi ndi ubwino alidi otero, koma ufa, uchi, udzu, uta ndi ukonde ali m'gulu lomwelo la mayina ndipo onse n'ngogwirika ndi manja. Chimodzimodzi chikondi ndi chingwe, kapena mantha ndi madzi. Gulu la dzina silinena kanthu za kukhudzika. Tanthauzo ndilo limanena.

M'nkhani za malamulo ndi za chuma, kagawidwe ka Gaius kakugwirabe ntchito. Mtengo wa manachesi kwa Nthache ndi katundu wokhudzika. Ngongole ya wamalonda amene watenga madengu khumi kuti adzalipire akagulitsa ku Blantyre ndi katundu wosakhudzika, monganso ufulu wa mlembi pa buku lake ndi ndalama zosungidwa pa foni. Apa “chokhudzika” ndi “chosakhudzika” akukwana bwino, malinga womasulira apereke chitsanzo pamene liwulo laonekera koyamba.

Koma pa tanthauzo lokuluwika lija, la chinthu chenicheni ndi chotsimikizika, olankhula Chichewa anasankha kale mneni wina. Iwo amati umboni wogwirika, mfundo zogwirika, ndiponso chitukuko chooneka. Kugwira n'kolemera kuposa kukhudza: wokhudza amangogunda, wogwira amasunga m'dzanja. Akale anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chenicheni ndi chimene munthu ali nacho kale. Womasulira amene walemba “umboni wokhudzika” watsata Chingerezi liwu ndi liwu, ndipo wowerenga angaganize za umboni womvetsa chisoni.

Malo ovuta koposa ndi a chuma cha makolo. Mu 2003 bungwe la UNESCO linavomereza pangano loteteza chuma cha chikhalidwe chimene m'Chingerezi chimatchedwa “intangible”. Gule Wamkulu, wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, analengezedwa mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza. Tchopa anatsatira mu 2014, nsima mu 2017 ndi Mwinoghe mu 2018. Zimenezi n'zosiyana ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene zinalowa pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2006. Kunena kuti nsima n'njosakhudzika kungaseketse aliyense amene anaidyapo ndi manja. Chimene chinalembedwa si ntanda wa nsima, koma luso lophika ndi mwambo wodyera pamodzi. Ndipo kunena kuti Gule Wamkulu n'ngosakhudzika kungamveke ngati chenjezo kwa osavinidwa. Pangano lomwelo m'Chifalansa likuti “immatériel” ndipo m'Chipwitikizi “imaterial”, kutanthauza chopanda thupi. Zinenero zobadwa ku Chilatini nazonso zinapewa “tangere” pa malo amenewa. Mlembi wa Chichewa ali ndi ufulu womwewo. Angalembe “chuma cha makolo chosungidwa m'mitima ndi m'zochita za anthu”, kapena, ngati wasankha “chosakhudzika”, atchule msanga magule, nyimbo, miyambo ndi maluso kuti wowerenga asasochere.

Za Kalembedwe

Akonzi a mabuku ndi nyuzipepala asamale ndi zinthu zinayi. Choyamba, lembo la “h” ndi la “d” mu -khudza sangachotsedwe. Kudza ndi kubwera, kukuza ndi kukulitsa, kukhuza ndi kwa maliro, ndipo kukhudza ndi kugunda chinthu. Wolemba “chokhuzika” walemba liwu lina. Chachiwiri, “chokhudzika” ndi liwu limodzi: cho- anabadwa pamene cha ndi ku- anaphatikizana, motero salembedwa motalikirana ndi tsinde. Ndi mmenenso zilili ndi “chosakhudzika”. Chachitatu, mgwirizano utsate gulu la dzina: chinthu chokhudzika, zinthu zokhudzika, katundu wokhudzika, chuma chosakhudzika, malo okhudzika. Chachinayi, m'galamala mawu olondola ndi “dzina la chinthu chokhudzika”, osati “dzina lokhudzika”. Chokhudzika ndi khasu. Dzina lake ndi liwu chabe loimira khasulo. Kufupikitsa kotereku kumapezeka kawirikawiri pa bolodi ndi m'mafunso a mayeso, ndipo kumasokoneza mwana amene akuphunzira kusiyanitsa chinthu ndi dzina lake.

Mawu oti “chokhudzika” asungidwe m'galamala ndi m'malamulo a katundu, “chogwirika” ndi “chooneka” atumikire pa umboni ndi pa zotsatira za ntchito, ndipo “wokhudzidwa” akhale wa munthu amene kanthu kamugwera. Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akagwirizana pa malire amenewa, buku la sukulu, chikalata cha boma ndi nkhani ya pa wailesi zidzanena chinthu chimodzi kwa wowerenga ndi womvera.